Thirakitala yogula m'chisanu: sevisi yoyamba ichitike liti?

Alimi ambiri kuno kum'mwera kwa Africa amagula thirakitala m'miyezi yozizira, chifukwa ndi nthawi imene ndalama zimalowa. Ku Malawi misika ya fodya imatsegulidwa cha mu Epulo, soya ndi mtedza zimagulitsidwa m'miyezi yotsatira, choncho esiteti kapena kopaletivi imene yakhala ikusonkha ndalama kwa zaka imafika pogula makina mu Juni kapena Julayi. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito m'mafamu, chionetsero chachikulu cha zaulimi cha NAMPO chimachitika mu Meyi pafupi ndi Bothaville m'chigawo cha Free State, ndipo mathirakitala amene anthu amagwirizana mitengo kumeneko amafika pafamu chisanu chitagwira kale. Popereka makiyi, wogulitsa amanena kuti sevisi yoyamba idzachitike injini ikayenda maola 50. Kumva kokha n'kosavuta. Mu Okutobala maola 50 amakwana m'sabata imodzi. Koma mu Julayi, pamene thirakitala imangotuluka kukatenga matumba angapo n'kubwerera m'shedi, maola omwewo angatenge miyezi itatu kapena inayi, ndipo tsiku la sevisi limadzagwera pakati penipeni pa ntchito yolima, nthawi imene palibe amene amafuna kuimitsa makina. Mwini thirakitala sayenera kudikira kuti tsikulo limupeze. Aipatse thirakitala ntchito yeniyeni m'miyezi yozizirayo, maola akwane, sevisi ichitike kulima kusanayambe.

Sevisi yoyamba siifanana ndi zinzake zotsatira. Injini imachoka kufakitale zitsulo zake zisanazolowerane. Mkati mwa silinda iliyonse muli timizere tosaoneka bwino ndi maso, topingasana, tolembedwa dala kuti tizisunga oyilo komanso kuti maringi a pisitoni akamakhulana ndi khoma la silinda aperesedwe pang'onopang'ono mpaka atseke bwino. Kukhulanako kumatulutsa fumbi la chitsulo limene limalowa mu oyilo, ndipo zomwezo zimachitikanso m'magiya. Pa mathirakitala ambiri oyilo wa m'giyabokosi ndi yemweyo amene amayendetsa haidiroliki yonyamula pulawo, motero kachidutswa kochokera pa dzino la giya kangathe kukakanda pampu kapena valavu ya haidiroliki, zomwe ndi zipangizo zodula. N'chifukwa chake mabuku a mathirakitala ambiri a Kubota, Massey Ferguson ndi New Holland amaika sevisi yoyamba pa maola 50, pamene kusintha oyilo kotsatira kumabwera patadutsa maola mazana angapo. Ma injini ambiri a John Deere amabwera ndi oyilo wapadera wothandiza kuti maringi akhale bwino, ndipo oyiloyo amayenera kukhalamo maola 100 asanachotsedwe. Nambala zimasiyana malinga ndi mtundu wa thirakitala, ndipo yolembedwa m'buku la thirakitala yanu ndiyo yoyenera kuitsatira. Koma cholinga cha onse ndi chimodzi, kuti zinyalala za kukhulana koyamba zichotsedwe kukhulanako kutachitika, zisanayambe kuononga.

Tsikuli si la oyilo yekha. Khasu lokhomedwa kumene mumpini limayamba kugwedera likalima masiku angapo, ndipo mlimi amadziwa kuti ayenera kulikhomanso. Manati a mawilo a thirakitala yatsopano amamasukanso chimodzimodzi utoto ukaphwanyika pansi pake, ndipo mabuku ambiri amalangiza kuwamanga m'maola oyambirira ndithu, osadikira 50. Lamba wa fani amatamuka, mpata wa kilatchi ndi wa mabuleki umasintha, ndipo polumikizira mapaipi pamayamba kuoneka thukuta la oyilo. Makaniko wodziwa ntchito amayang'ana zonsezi. Thirakitala imene sinakokepo katundu wolemera siingamuonetse chilichonse, chifukwa chimene chimamasula nati ndi kugwedezeka kwa ntchito.

Apa ndi pamene kuzizira kumalowerera. Kuti maringi akhale bwino pamafunika mphamvu ya kuphulika kwa dizilo imene imawakankhira kukhoma la silinda, ndipo mphamvuyo imakula injini ikamakoka katundu. Injini imene ikungolira thirakitala itaima, kapena imene ikukoka ngolo yopanda kanthu, imawakankha mofooka. Dizilo sapsa yense, zotsalira zake zimamatirira pakhoma la silinda n'kudzaza timizere tija, khomalo limasalala ngati lopakidwa vanishi, ndipo maringi amalephera kugwira. Injini yotere imadya oyilo ndi kutulutsa utsi wabuluu kwa nthawi yaitali, mwina mpaka itatsegulidwa. Tsono chizolowezi cha madalaivala ambiri m'mawa wa Juni n'chimenechi: kuliza injini, kuisiya ikulira theka la ola akumwa tiyi akuti kuti itenthe, kenako kuyenda mtunda wochepa n'kuizimitsa. Cholinga chawo n'chabwino, koma injini ya dizilo imachedwa kwambiri kutentha ikamangolira osakoka kanthu. Mphindi zochepa n'zokwanira kuti oyilo azungulire, kenako thirakitala iyambe kuyenda modekha, ndipo idzatentha ikugwira ntchito.

Palinso nkhani ya madzi. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa madzi okwana pafupifupi lita imodzinso, ali nthunzi. Yambiri mwa nthunziyo imatuluka ndi utsi, koma ina imadutsa m'mbali mwa maringi n'kutsikira kumene kumakhala oyilo, makamaka mu injini yatsopano imene maringi ake sanatsekebe bwino. Injini ikafika pa kutentha kwake kogwirira ntchito, cha m'ma madigiri 80 mpaka 90, n'kukhalapo kwa ola kapena kupitirira, madziwo amauma n'kutuluka. Ikazimitsidwa isanatenthe, nthunzi imasanduka madontho pazitsulo zozizira n'kusakanikirana ndi oyilo pamodzi ndi mwaye ndi dizilo wosapsa. Madzi akakumana ndi sulufule wa m'dizilo amapanga asidi amene amadya zitsulo pang'onopang'ono, ngakhale thirakitala itaima. Ichi n'chifukwa chake maulendo afupiafupi makumi anayi a m'chisanu amaipitsa oyilo kuposa masiku asanu a kulima, ngakhale kawotchi kowerenga maola kataonetsa nambala yofanana.

Ndipo kawotchiko nakonso kamafuna kukamvetsa. Pa mathirakitala amakono kamawerenga nthawi yeniyeni imene injini yakhala ikulira, kaya ikukoka pulawo kaya yangoima. Pa mitundu yosavuta, imene ndi yochuluka m'minda yathu, kena kamayendetsedwa ndi waya wochokera ku injini ndipo kamawerenga kuzungulira kwake, moti ola limodzi limakwana ndendende pokhapokha injini ikuthamanga pa liwiro linalake la ntchito. Injini ikamalira pang'onopang'ono, kawotchi kotere kamatsalira m'mbuyo. Kamakono kangaonetse maola 50 pamene theka lake linathera pa kungolira, injini isanakhale bwino. Kakale kaja kangaonetse maola 30 pamene oyilo wakhala akutola madzi kwa nthawi yaitali kuposa pamenepo. Nambala ya 50 imatanthauza zimene opanga makina ankafuna pokhapokha maolawo akhale a ntchito.

Wina anganene kuti dizilo ndi wodula, nthawi zinanso amasowa, ndiye kuyendetsa thirakitala pofuna kungokwaniritsa maola n'kutaya ndalama. Akunena zoona, ndipo palibe chifukwa chozungulira bwalo popanda chochita. Koma miyezi ya Juni mpaka Ogasiti ili ndi ntchito zambiri zimene zimangofuna kuzikonza. Pali kututa chimanga kuchoka kumunda ndi kukasiya mbewu kumsika ngolo itadzaza. Pali kututa manyowa, njerwa ndi mchenga, kuyendetsa makina otongola chimanga kudzera pa shafiti yakumbuyo, kukonza misewu ya pafamu, kulima minda ya mthirira ndi madimba, komanso kugalauza minda mbewu zitangochoka, nthaka isanaumitsitse. Kopaletivi ingathe kuchitira anthu oyandikana nawo ntchito zimenezi pa mtengo wake, thirakitala n'kudzilipirira yokha dizilo. Chofunika n'kusonkhanitsa maulendo ang'onoang'ono kuti akhale ntchito ya maola awiri kapena atatu pa nthawi imodzi, m'malo motuluka mphindi khumi tsiku lililonse. Maola atatu pa tsiku, masiku anayi pa sabata, amakwanitsa 50 pafupifupi m'mwezi umodzi. Ntchito zoterezi n'zimenenso injini yatsopano imafuna: katundu wolemera ndithu koma wosapyola muyezo, liwiro losinthasintha, giya yosankhidwa bwino kuti injini isabanike. Kuyamba moyo wa thirakitala ndi pulawo m'nthaka youma gwa ya mu Okutobala, kukutentha, fumbi lili koboo, kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, ndi njira yovuta kwambiri yozoloweretsa injini, ndipo n'zimene zimachitikira thirakitala imene yakhala chisanu chonse m'shedi.

Ena amaganiza mosiyana. Amati oyilo ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi injini, ndiye bwanji osangosintha pa maola 15 kapena 20, mtima ukhale pansi. Maganizowa ali ndi nzeru yake, koma akulakwitsa pa zinthu ziwiri. Kukhulana kwa zitsulo sikunathe pa maola 20, choncho fumbi la chitsulo lidzapitiriza kutuluka ndipo oyilo watsopanoyo adzafunikanso kuchotsedwa maola oyenera akakwana. Mwiniwake akaiwala zimenezi n'kuyesa kuti sevisi yoyamba yatha, zinyalalazo zidzakhala mu injini mpaka sevisi yachiwiri, patadutsa maola mazana. Chachiwiri chikukhudza ma injini obwera ndi oyilo wapadera uja. Kumuchotsa msanga n'kuthiramo oyilo wamphamvu wa masiku onse kumachepetsa kukhulana kumene maringi amafunikira, ndipo angathe osakhala bwino. Komabe pali malo oti munthu agwiritse ntchito nzeru. Thirakitala ikakhala pa maola 44 kapena 46 a ntchito yeniyeni, ndipo kulima kukuyamba sabata yamawa, n'kwabwino kuchita sevisi tsopano mutagwirizana ndi wogulitsa kusiyana n'kuichita pa maola 90. Kufulumira ndi maola ochepa sikuononga kanthu. Kuchedwa ndi maola makumi anayi a ntchito yolemera kumaononga.

Kuchedwako ndiko kumachitika kawirikawiri, ndipo anthu amakhala ndi zifukwa zomveka. Mvula ili pafupi, alimi analipira kale kuti alimiridwe, makaniko wa kampani ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo mwezi womwewo aliyense akumufuna. Dalaivala amasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kuona kuti oyilo akadali woyera ndiponso wokwanira, basi thirakitala ibwerere kumunda. Koma maso sangaone fumbi la chitsulo, ndipo mtundu wa oyilo wa injini ya dizilo sunena zambiri: amada msanga ndi mwaye akadali wabwino, ndipo angaoneke bwino ali ndi madzi ndi dizilo mkati. Fyuluta nayo ili ndi polekezera. Ikadzaza, kavalavu kamkati kamatseguka kuti injini isasowe oyilo, ndipo oyilo amayamba kudutsa osasefedwa, dalaivala osadziwa kanthu. Zotsatira zake sizioneka chaka chomwecho. Zimadzaoneka injini ikayamba kufooka kapena haidiroliki ikayamba kulephera kunyamula pulawo zaka zingapo nthawi yake isanakwane, ngongole yogulira thirakitalayo mwina isanathe n'komwe. Ndipo ngati maola sakukwana konse, kalendala ndiyo imalamula. Mabuku ambiri amati oyilo wa injini asinthidwe kamodzi pa chaka ngakhale maola asanafike, chifukwa oyilo wokhala ndi madzi ndi asidi amaononga ngakhale makina ali chiimire.

Funso lina loyenera kuliyankha ndi lakuti kodi kwathu kuno kumazizira mokwanira kuti zonsezi zitikhudze. Chisanu chathu sichifanana ndi cha ku Canada, kumene m'chigawo ngati Saskatchewan kuzizira kumafika madigiri 30 pansi pa 0 ndipo alimi amalumikiza injini ku magetsi usiku kuti itenthe isanalizidwe. Kumeneko kusankha oyilo ndi nkhani yaikulu. Nambala yoyamba pa chigubu, monga 15W pa 15W-40, imasonyeza mmene oyilo amayendera kukazizira: wa 15W amayesedwa pa madigiri 20 pansi pa 0, wa 10W pa 25, wa 5W pa 30. Dizilo nayenso amapanga phula kukazizira kwambiri n'kutseka fyuluta, n'chifukwa chake ku Britain kuyambira pakati pa Novembala mpaka pakati pa Malichi amagulitsa dizilo wa m'chisanu wopirira mpaka madigiri 15 pansi pa 0, pamene wa m'chilimwe amalekera pa madigiri 5 pansi pa 0. Ku Free State, kumene usiku wa Juni ndi Julayi umatsika pansi pa 0 kawirikawiri, dizilo wotsala m'thanki kuchokera m'miyezi yotentha angavutitse m'mawa. Ku Malawi kuzizira kotere kumapezeka mwa apo ndi apo m'malo okwera ngati ku Nyika, ku Mulanje ndi ku Dedza, ndipo oyilo wa 15W-40, amene ndi wofala m'masitolo athu, amakwanira chaka chonse. Palibe chifukwa chogulira oyilo wa mayiko a chipale chofewa.

Koma mavuto aakulu awiri aja, injini yosatentha ndi maulendo afupiafupi, safuna chipale chofewa. M'mawa wa madigiri 8 kapena 10 ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Thyolo pa nthawi ya chiperoni ndi wokwanira kuti nthunzi isanduke madzi mkati mwa injini. Kusiyana kwa kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku kumachititsanso kuti m'thanki yosadzaza mupange mame, amene amatsikira pansi pa dizilo n'kukafika ku pampu ndi ma injekita. Ndiye n'chinthu chanzeru kudzaza thanki madzulo ntchito ikatha, ndi kukhuthula kambale kotchera madzi pa fyuluta ya dizilo m'mawa uliwonse madzi akaoneka. Kwa amene akuyendetsa mathirakitala amakono ku Britain kapena kwina ku Ulaya, kumene malamulo a utsi anachititsa kuti makina ambiri akhale ndi fyuluta yogwira mwaye pa ekizozi, kungoliza injini kumabweretsa vuto linanso, poti fyulutayo imadziyeretsa pokhapokha utsi utatentha kwambiri.

Tsiku la sevisi likagwera m'nyengo yozizira, oyilo asakhuthulidwe injini ili yozizira. Oyilo wozizira amakhala wolimba, amatuluka pang'onopang'ono, ndipo zinyalala zimene zadikha pansi zimatsalira. Thirakitala igwire kaye ntchito mpaka itenthe, iime pamalo athyathyathya, kenako nati yapansi imasulidwe mosamala poti oyiloyo amawotcha. Masana ndi abwino kuposa m'mawa. Pa mathirakitala ena nati yokhuthulira ya kugiyabokosi imakhala ndi maginito. Kupezapo fumbi losalala la chitsulo n'kwachibadwa pa sevisi yoyamba, koma tizidutswa tooneka ndi maso n'chizindikiro choti wogulitsa achione ndi kuchilemba tsiku lomwelo. Madzi a mu redieta akhale osakaniza ndi mankhwala ake ngakhale kumalo kumene madzi saundana, chifukwa mankhwalawo amatetezanso ku dzimbiri. Oyilo wakale asungidwe m'chigubu chotseka, asathiridwe pansi kapena pafupi ndi chitsime ndi mtsinje.

Chotsalira ndi nkhani ya amene achite sevisiyo. Makaniko wa pa tauni yapafupi ndi wotsika mtengo ndipo ambiri a iwo amaidziwa bwino injini ya Perkins imene ili m'ma Massey Ferguson akale. Pa zaka zotsatira adzakhala munthu wofunika kwambiri pa moyo wa thirakitalayo. Koma thirakitala yatsopano ili pa waranti, ndipo makampani ambiri amafuna umboni woti sevisi yoyamba inachitika pa nthawi yake, ndi mafyuluta ndi oyilo ovomerezeka, ena amafunanso kuti achite ndi makaniko wawo. Pampu ikadzafa pa maola 400, funso loyamba lidzakhala la buku la sevisi, ndipo tsamba lopanda sitampu lingachititse kuti mwiniwake alipire yekha. Apa nyengo yozizira ili kumbali ya mlimi. Mu Julayi ndi Ogasiti amakaniko a kampani sakhala opanikizika ngati mu Okutobala, misewu ya kumidzi ndi youma, ndipo mafyuluta akasowa m'sitolo pali nthawi yowayitanitsa.

Choncho pa tsiku logula, mwini thirakitala kapena komiti ya kopaletivi ifunse zinthu izi isanasaine: sevisi yoyamba ili pa maola angati, ingafulumire kapena kuchedwa ndi maola angati waranti osaonongeka, muli oyilo wamtundu wanji mu injini, ndipo mtengo wa ulendo wa makaniko alipira ndani. Mayankho alembedwe papepala. Kenako muwerenge masabata otsala kuti kulima kuyambe, mugawe maolawo m'masabatawo, ndipo dalaivala azilemba m'kope tsiku, ntchito imene wagwira ndi nambala ya pa kawotchi. Kawotchi kakafika pa maola 35, imbirani wogulitsa foni mupangane tsiku.